Mafunso ndi mayankho: kusintha matransista ndi kukonza bias mu ampulifaya yakale

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amavutitsa munthu amene watsegula ampulifaya ya matransista ya m'zaka za m'ma 1960, 1970 kapena kumayambiriro kwa m'ma 1980, n'kupeza kuti mbali imodzi, ya sipika ya kumanzere kapena ya kumanja, yapsa, ikutentha mopitirira muyezo, kapena ikutulutsa mawu osasa. Mayankho ake akukhudza makamaka maampulifaya a gulu la AB, amene ndiwo anali ochuluka pa nthawi imeneyo. Paliponse pamene manambala a m'buku la kakonzedwe ka ampulifaya yanu, limene amisiri amalitcha service manual, akusiyana ndi zitsanzo zili pano, tsatirani bukulo.

Kodi bias n'chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani iyenera kukonzedwanso matransista akasinthidwa?

Gawo lomaliza la ampulifaya ya gulu la AB limakhala ndi matransista awiri, kapena magulu awiri a matransista, amene amagawana ntchito: ena amakankhira karenti ku sipika pamene funde la mawu lili kumtunda, ena amaikoka pamene funde lili kumunsi. Transista ili ndi miyendo itatu, yotchedwa base, emitter ndi collector, ndipo ya silikoni siyamba kudutsitsa karenti mpaka pakati pa base ndi emitter pakhale volteji ya pafupifupi 0.6 V. Ngati matransista onse awiri atasiyidwa otseka kotheratu, pamakhala kampata pamalo pamene funde likuwoloka ziro, pomwe palibe transista imene ikugwira ntchito. Kampata kameneka kamamveka ngati kusasa kwa mawu, makamaka voliyumu ikakhala pansi, ndipo dzina lake ndi crossover distortion. Bias ndi volteji yaing'ono imene imaikidwa pakati pa ma base a magulu awiriwa kuti matransista akhale otseguka pang'ono ngakhale palibe nyimbo. Pokonza, chimene timayang'ana kwenikweni ndi karenti imene ikudutsa m'matransistawo ampulifaya ili chete.

Chifukwa choikonzeranso n'chakuti palibe matransista awiri ofanana ndendende, ndipo kusiyana kochepa kwambiri pa volteji ya base ndi emitter kumasintha karenti kwambiri. Pa transista payokha, kuwonjezera pafupifupi 18 mV (mV, kapena milivoti, ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a voti) kumachulukitsa karenti kawiri, ndipo 60 mV kumaichulukitsa kakhumi. Malo amene karezista kosinthika ka bias, kamene ambiri amakatcha preset kapena trimmer, kanasiyidwa kufakitale anali oyenera matransista akale aja. Ndi atsopanowa, malo omwewo akhoza kupereka karenti yochepa imene ingasasitse mawu, kapena yochuluka imene ingawapsereze m'mphindi zochepa.

Matransista akuluakulu a kumapeto achita shoti. Kodi ndingangoika ena n'kuyatsa?

Ayi, ndipo apa ndi pamene matransista atsopano ambiri amaonongekera. Akuluakulu amati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Transista ya kumapeto nthawi zambiri imapsa chifukwa cha chinthu china, ndipo ikamapsa imaononganso zina zoyandikana nayo. M'maampulifaya ambiri a m'ma 1970 zigawo zimalumikizana mwachindunji popanda kapasita pakati, kotero transista yaikulu ikachita shoti pakati pa collector ndi base, volteji yonse ya magetsi imabwerera m'mbuyo kudzera pa base n'kukafika pa madiraiva (matransista apakati amene amayendetsa akuluakuluwo), pa gawo la bias, ndipo nthawi zina mpaka pa transista yokweza volteji imene ili patsogolo pake.

Choncho musanaike chilichonse chatsopano, chotsani matransista opsawo n'kuyeza zonse za mbali imeneyo: madiraiva onse awiri, marezista a pa emitter, marezista ang'onoang'ono a pa base, transista kapena madayodi a bias, preset yeniyeniyo, ndi matransista oteteza amene amachepetsa karenti ikachuluka. Marezista a pa emitter, amene kawirikawiri amakhala a 0.22, 0.33 kapena 0.47 ohm, amatha kuduka mkati osaonetsa chizindikiro chilichonse kunja. Maampulifaya ena a ku Japan anaikidwa marezista amene anapangidwa kuti azigwiranso ntchito ngati fyuzi, ndipo amenewa akamakalamba mtengo wake umakwera kwambiri ngakhale sanapsepo. Ngati mbali ina ya ampulifaya ili bwino, igwiritseni ntchito poyerekezera: yezani malo omwewo mbali zonse ziwiri magetsi ali ozimitsa, ndipo pamene manambala asiyana ndi pamene pali nkhani.

Funsaninso za kunja kwa ampulifaya. Mawaya a sipika amene anagundana, masipika ochuluka olumikizidwa pamodzi mpaka kutsika pansi pa 4 ohm, kapena mpweya wotsekedwa ndi fumbi, zonsezi zimapha matransista abwinobwino, ndipo zidzaphanso atsopano ngati sizikonzedwa.

Kodi pali ngozi yotani pogwira mkati mwa ampulifaya imene yazimitsidwa?

Makapasita akuluakulu a magetsi amasunga mphamvu kwa nthawi yaitali pulagi itazulidwa kale, ndipo m'maampulifaya amphamvu volteji yake imafika 50 V, 60 V kapena kupitirira, mbali ya positivi ndi ya negativi yomwe. Musawatsitse powagunditsa ndi sikuludiraiva, chifukwa moto wake umaononga kapasita ndi njira za pa bodi. Gwiritsani ntchito rezista ya 1,000 ohm ya mawati 5. Pa kapasita ya 10,000 µF, volteji imatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu pa masekondi 10 aliwonse, kotero mphindi imodzi imakwanira. Kenako tsimikizani ndi mita. Malo a switchi, fyuzi ndi mawaya olowa mu thiransifoma amakhala ndi magetsi a pakhoma nthawi yonse imene pulagi ili yolowetsa, ndipo ndi bwino kuwaphimba musanayambe kuyeza ampulifaya ili yoyaka.

Ndingayeze bwanji transista ndi mita wamba?

Ikani mita pa chizindikiro cha dayodi. Matransista amenewa ndi a mitundu iwiri, NPN ndi PNP. Pa transista ya NPN ya silikoni, waya wofiira ukakhala pa base ndipo wakuda pa emitter kapena pa collector, mita iyenera kusonyeza pakati pa 0.5 V ndi 0.7 V, ndipo mukatembenuza mawaya isasonyeze kanthu. Pa PNP zimakhala mosemphana. Pakati pa collector ndi emitter pasadutse kanthu mbali zonse ziwiri. Ndi bwino kuyeza transista itachotsedwa pa bodi, chifukwa marezista ozungulira amasokoneza nambala. Matransista a mtundu wa Darlington amakhala ndi marezista ndi dayodi mkati mwake, ndipo manambala ake amasiyana ndi awa ngakhale ali bwino.

Kuyeza kumeneku kumagwira transista yochita shoti kapena yoduka, koma sikugwira imene imadontha karenti ikakhala pa volteji yaikulu, kapena imene imasintha khalidwe ikatentha, popeza mita imayeza ndi mavoti awiri kapena atatu okha. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti madiraiva amene anali pambuyo pa transista yochita shoti asinthidwe ngakhale mita ikuti ali bwino. Anadutsa m'nyengo yoopsa, ndipo diraiva yofooka ikadzagonja imatenganso matransista akuluakulu amene mwangoika kumene.

Nambala yeniyeni ya transista yakale sikupezekanso. Ndisankhe bwanji yolowa m'malo mwake?

Yambani ndi kuwerenga bwino nambalayo. Pa matransista a ku Japan, 2SA ndi 2SB ndi a PNP, pamene 2SC ndi 2SD ndi a NPN, ndipo pa thupi la transista zilembo ziwiri zoyambirira kawirikawiri sizilembedwa, kotero C1845 ndi 2SC1845. Chilembo chotsatira nambala chimasonyeza gulu la hFE, kutanthauza kuchuluka kwa mmene transista imakulitsira karenti.

Chinthu choyamba kuyerekezera ndi volteji imene transista ingapirire pakati pa collector ndi emitter. Ambiri amalakwitsa poiyerekezera ndi mzere umodzi wa magetsi. Mu ampulifaya ya magetsi a +45 V ndi −45 V, funde likafika pamwamba transista ya kumunsi imaona pafupifupi 90 V, kotero transista yotchuka ya 2N3055, imene malire ake ndi 60 V, siyenera pamenepo ngakhale ikukwanira bwino pa mabowo a heatsink, chitsulo chochotsa kutentha. Chachiwiri ndi karenti ndi mawati, ndipo choposa manambala awiriwa ndi chithunzi cha safe operating area cha pa datasheet (pepala la manambala a transista lochokera ku kampani yopanga), chimene chimasonyeza karenti imene transista ingapirire pamene ili ndi volteji yaikulu nthawi yomweyo. Chachitatu ndi liwiro, limene limalembedwa kuti fT, ndipo pa madiraiva ndi pa transista yokweza volteji muyang'anenso Cob, kapasitansi ya pakati pa collector ndi base. Chomaliza ndi maonekedwe a thupi ndi miyendo.

Pa matupi achitsulo a TO-3, peyala ya MJ15003 ndi MJ15004 imapirira 140 V, ndipo MJ21194 ndi MJ21193 imapirira 250 V. Pa matupi apulasitiki akuluakulu, peyala ya Toshiba ya 2SC5200 ndi 2SA1943 imapirira 230 V ndipo ndi yaliwiro, pafupifupi 30 MHz. Pa matransista ang'onoang'ono a kumayambiriro, KSC1845 ndi KSA992 amagwiritsidwa ntchito kwambiri m'malo mwa akale aphokoso monga 2SC458 ya Hitachi ndi 2SA726, amene amadziwika ndi kuthetheka ndi kuphulika kwa mawu akakalamba. Palibe pa amenewa imene imalowa paliponse. Iliyonse iyerekezeredwe ndi datasheet ya yakaleyo.

Onetsetsaninso mtundu wa gawo lomaliza. Maampulifaya ambiri akale amagwiritsa ntchito njira ya quasi-complementary, imene H. C. Lin wa ku RCA anafalitsa mu 1956, pomwe matransista onse awiri akuluakulu ndi a mtundu umodzi, kawirikawiri NPN pa zipangizo za silikoni. Munthu amene wazolowera peyala ya NPN ndi PNP akhoza kuika PNP pamene sipayenera.

Transista yatsopano ndi yofanana kukula ndi yakale. Kodi miyendo nayonso ndi yofanana?

Osati nthawi zonse. Mukayang'ana mbali yolembedwa miyendo italoza pansi, matransista ang'onoang'ono ambiri a ku Japan amakhala emitter, collector, base. 2N3904 imakhala emitter, base, collector. BC547 imakhala collector, base, emitter. Ena akale ali ndi matupi a maonekedwe achilendo amene amasokoneza kuti kutsogolo ndi kuti. Musatengere kumene yakale inayang'ana. Tsatirani njira za pa bodi kapena chojambula cha m'buku kuti mudziwe bowo la mwendo uliwonse, ndipo dziwani kuti zilembo zosindikizidwa pa bodi nazonso nthawi zina zimakhala zolakwika.

Kodi n'zoona kuti pali matransista achinyengo?

N'zoona, ndipo manambala otchuka ndi amene anasiya kupangidwa ndiwo amakopedwa kwambiri. Thupi limaoneka bwino, mita imasonyeza kuti ndi transista, koma kachidutswa ka silikoni ka mkati kamakhala kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi ka transista yeniyeni. Ampulifaya imayaka, bias imakonzeka, nyimbo imamveka pa voliyumu yotsika, kenako mukakweza zonse zimapsa. Ngati mwayeza zonse mosamala koma matransista akupsa pokhapokha pa mphamvu yaikulu, kayikirani kumene anachokera. Kwa ine, transista ya nambala yatsopano yochokera kwa wogulitsa wovomerezedwa ndi kampani yopanga ndi yodalirika kuposa ya nambala yakale yeniyeni yosadziwika gwero lake.

Kodi matransista ayenera kufanana hFE?

Zimadalira malo ake. Pa peyala ya kumayambiriro, imene imatchedwa differential pair, kufananitsa n'kofunika chifukwa kusiyana kwa hFE ndi volteji ya base ndi emitter kumabweretsa volteji yosasinthasintha, yotchedwa DC, ku sipika. Pamene matransista akuluakulu angapo alumikizidwa mogundizana mbali imodzi, afunika akhale a gulu limodzi kuti agawane karenti mofanana, ndipo ngati imodzi yapsa asinthidwe onse. Pa peyala imodzi ya NPN ndi PNP, kuyandikana kwa hFE n'kwabwino koma si chinthu chodetsa nkhawa kwambiri, popeza marezista a pa emitter ndi feedback (kubwezera kagawo ka funde lotuluka kumayambiriro) zimaphimba kusiyana kochepa.

Ndiike bwanji matransista pa heatsink?

Pa TO-3 thupi lonse lachitsulo ndi collector, ndipo pa matupi ambiri apulasitiki chitsulo cha kumsana nachonso ndi collector. Pakati pake ndi heatsink pamafunika kachidutswa ka mica kapena chinthu china chotchinga magetsi, ndipo masikuluwu ena amafunika timphete tapulasitiki. Pukutani mafuta akale owuma, pakani mafuta atsopano odutsitsa kutentha mopyapyala mbali zonse ziwiri za mica, ndipo mangani masikuluwu mosinthanasinthana osalimbitsa mpaka kupinda thupi. Mangani kaye, kenako muwotcherere miyendo, kuti isakhale yokokedwa. Musanayatse, yezani ndi mita pakati pa collector iliyonse ndi heatsink kuti mutsimikize kuti sizikugundana.

Pali kanthu kamodzi kamene kamaiwalika kawirikawiri: transista yaing'ono kapena dayodi ya bias imene inali yomangidwa pa heatsink iyenera kubwerera pamalo ake enieni, itagunda chitsulo bwinobwino ndi mafuta ake. Chifukwa chake chafotokozedwa pa funso la bias yokwera yokha.

Ndiyatse bwanji koyamba popanda kupserezanso zonse?

Gwiritsani ntchito babu loteteza. Ili ndi babu lakale la ulusi wotentha, la mawati 60 mpaka 100, lolumikizidwa motsatana ndi waya wamoto wopita ku ampulifaya, kotero kuti karenti yonse idutse kaye m'babumo. Babu la LED kapena la fulorosenti silingagwire ntchito imeneyi. Chotsani masipika, tsitsani voliyumu, ikani preset ya bias pamalo opereka karenti yochepetsetsa, n'kuyatsa. Ngati zonse zili bwino babu limawala kamphindi pamene makapasita akudzaza, kenako limazirala mpaka kutsala kofiirira kapena kuzimiratu. Likapitiriza kuwala kwambiri pali shoti kapena bias yakwera kwambiri, ndipo ulusi wa babu ukatentha umachepetsa karenti, zimene zimakupatsani mpata wozimitsa musanataye matransista.

Kuti mudziwe mbali imene ili yochepetsetsa, musadalire kutembenuzira kumanzere, chifukwa mabodi amasiyana. Yang'anani chojambula. M'gawo la bias la transista imodzi, lotchedwa VBE multiplier, ngati preset ili pakati pa base ndi emitter ya transistayo, bias imakhala yochepetsetsa pamene preset ili pa maohm ochuluka kwambiri. Ngati ili pakati pa collector ndi base, bias imakhala yochepetsetsa pamene ili pa maohm ochepa kwambiri. Yezani ndi mita magetsi ali ozimitsa.

Langizo la babu silikhudza maampulifaya a matransista a VFET, monga Sony TA-4650 ndi TA-5650 kapena Yamaha B-1 ndi B-2. Matransista amenewa amadutsitsa karenti yonse pamene palibe volteji yowatseka, kotero chilichonse chimene chingachedwetse kapena kuchepetsa volteji imeneyo chikhoza kuwapha, ndipo sapangidwanso. Pa amenewa tsatirani ndondomeko ya m'buku lake lokha.

Nanga bias yeniyeniyo ndiikonze motani?

Karenti ya bias imayezedwa kudzera mu volteji ya pa rezista ya emitter, pogwiritsa ntchito lamulo la Ohm: karenti ndi volteji kugawa ndi maohm. Pa rezista ya 0.22 ohm, 10 mV ikutanthauza pafupifupi 45 mA. Pa ya 0.47 ohm, 20 mV ikutanthauza pafupifupi 43 mA. Werengani bwino ngati buku likunena za rezista imodzi kapena za onse awiri kuchoka pa emitter ina kufika pa inzake, chifukwa nambala yachiwiriyi imakhala yowirikiza kawiri: karenti ya 30 mA imapereka pafupifupi 14 mV pa rezista imodzi ya 0.47 ohm, koma 28 mV pa onse awiri. Mabuku ena amafuna kuti muchotse fyuzi n'kuika mita ya karenti m'malo mwake. Potero onetsetsani kuti mawaya a mita sangachoke ampulifaya ili yoyaka.

Lumikizani mita ndi timawaya tokola magetsi ali ozimitsa. Kugwira nsonga za mita ndi dzanja pafupi ndi matransista oyaka n'koopsa, chifukwa nsonga ikaterereka n'kugunditsa miyendo iwiri, ntchito yonse imatha nthawi yomweyo. Sikuludiraiva yotembenuzira ikhale yapulasitiki kapena yokutidwa kusiya kansonga kokha. Masipika akhale ochotsa, pasakhale nyimbo yolowa, voliyumu ikhale pa ziro.

Mukatsimikiza kudzera pa babu kuti bias ikumvera preset, ibwezereni pansi, zimitsani, chotsani babu, n'kulumikiza ampulifaya mwachindunji. Bias yokonzedwa babu lili pamzere si yoona, chifukwa babu limatsitsa volteji ya magetsi, ndipo mukalichotsa karenti imakwera. Kwezani pang'onopang'ono kufika pang'ono pansi pa nambala ya m'buku, dikirani mphindi 15 mpaka 30 kuti heatsink ifunde, kenako konzaninso. Chitani mbali zonse ziwiri, n'kubwereranso pa yoyamba, popeza zimagwiritsa ntchito magetsi amodzi ndipo nthawi zambiri heatsink imodzi. Pomaliza ikani chivundikiro pamwamba, dikirani kanthawi, n'kuyezanso, chifukwa kutentha kwa mkati kumasintha chikatsekedwa.

Za preset yakaleyo, maganizo anga ndi akuti isinthidwe musanayambe. Ya zaka makumi anayi kapena asanu imakhala ndi dzimbiri pa kanjira kake, ndipo m'maampulifaya amene preset ili pakati pa collector ndi base, ikangoduka kamphindi pamene mukuitembenuza, bias imalumphira pamwamba penipeni. Yatsopano yozungulira kambiri, monga Bourns 3296 ya maulendo 25, imalola kusintha pang'onopang'ono. Ikhale ya maohm ofanana ndi yakale, ndipo muiike pa malo ochepetsetsa musanaiwotcherere.

Ndilibe buku la ampulifaya yanga. Ndiike karenti yochuluka bwanji?

Ngati mbali ina sinakhudzidwe ndipo ikugwira bwino, nambala yake ndi poyambira pabwino. Maampulifaya ambiri a m'nyumba a nthawi imeneyo anakonzedwa pakati pa 20 mA ndi 60 mA pa peyala iliyonse. Mu 1971 Bernard Oliver wa ku Hewlett-Packard anasonyeza kuti pa gawo lomaliza la mtundu wa emitter follower, pomwe mawu amatulukira ku ma emitter, kusokonekera kwa mawu kumachepa kwambiri pamene volteji ya pa rezista iliyonse ya emitter ili pafupi ndi 26 mV kapena kucheperapo. Koma 26 mV pa 0.22 ohm ndi pafupifupi 118 mA, ndipo si heatsink iliyonse yakale imene inapangidwira kutentha kotero. Werengerani nokha: pa magetsi a +40 V ndi −40 V, karenti ya 50 mA imatulutsa mawati 4 a kutentha mbali imodzi, pamene 200 mA imatulutsa mawati 16, nthawi yonse imene ampulifaya ili yoyaka.

Chikhulupiriro chakuti kukweza bias kwambiri kumakometsa mawu chaonongetsa maampulifaya ambiri. Kupitirira malo oyenera, phindu la m'makutu limakhala lochepa kapena palibe, koma kutentha kumafupikitsa moyo wa makapasita ndi malo owotcherera. Ngati muli ndi oscilloscope, chida choonetsa funde pa sikirini, lumikizani rezista ya 8 ohm m'malo mwa sipika, lowetsani siginolo ya 10 kHz yaing'ono mu ampulifaya, kwezani bias mpaka kampata ka pakati pa funde kazimiririke, onjezerani pang'ono, n'kutsimikiza kuti nambala yake ili m'malire amene atchulidwawa.

Bias ikungokwera yokha ampulifaya ikamatentha. Vuto lili pati?

Volteji imene transista ya silikoni imafuna pakati pa base ndi emitter imatsika ndi pafupifupi 2 mV pa digiri iliyonse ya Celsius. Transista ikatentha imadutsitsa karenti yambiri, karentiyo imaitenthetsanso, ndipo ngati palibe choletsa zimapitirira mpaka kupsa. Choletsa chake ndi transista kapena madayodi a bias aja: amamva kutentha komweko n'kutsitsa volteji ya bias mofanana. Ngati sakugunda heatsink, ngati mafuta ake anauma, kapena ngati anasinthidwa ndi a mtundu wina, kutsatirana kumeneku kumasokonekera.

Kusuntha pang'ono m'mphindi zoyambirira si vuto, bola nambala ikhazikike. Kukwera kosalekeza ndiko koopsa, ndipo muzimitse musanaone pothera pake. Yang'anani kaye kagundidwe ka chomvera kutentha, kenako malo owotcherera osweka pa miyendo yake. Madayodi apadera a m'zipangizo za ku Japan, monga VD1212, amadziwika kuti amaduka mwa apo ndi apo, ndipo amisiri ambiri amaika madayodi awiri a 1N4148 otsatana m'malo mwake. A mtundu wa STV-3H, amene amamangidwa pa heatsink, miyendo yake imathyoka msanga, choncho musaipinde popanda chifukwa. Onaninso kuti marezista a pa emitter sanasinthidwe ndi a maohm ochepa kuposa oyambirira, popeza nawonso amathandiza kuletsa kukwera kumeneku.

Ndikutembenuza preset koma mita ikungosonyeza ziro. Chalakwika n'chiyani?

Yezani volteji pakati pa ma base a madiraiva awiri pamene mukutembenuza. Pa gawo la complementary (la NPN ndi PNP) la madiraiva ndi matransista akuluakulu, pomwe pali malo anayi a base ndi emitter otsatana, karenti imayamba kuoneka volteji imeneyi ikafika pafupifupi 2.2 V mpaka 2.4 V, pamene pa quasi-complementary wamba ndi pafupifupi 1.8 V. Ngati voltejiyo ili pafupi ndi ziro ndipo sikusuntha, transista ya bias yachita shoti kapena karenti sikufika kuchokera ku gawo la patsogolo. Ngati ikusuntha n'kufika pa nambala yoyenera koma karenti palibe, funani rezista yoduka ya pa base kapena pa emitter, fyuzi yopsa ya mzere umodzi, kapena mwendo wa transista umene sukugunda mu soketi yake. Ngati ikusuntha koma ikulephera pang'ono kufika, matransista atsopano akufuna volteji yokwererapo kuposa akale, ndipo rezista yoyandikana ndi preset iyenera kusinthidwa pang'ono. Pa preset yozungulira kambiri, kumbukirani kuti maulendo angapo oyambirira satulutsa kanthu, kenako karenti imabwera mofulumira.

Bias ili bwino koma ku sipika kuli volteji ya DC, kapena relay sikutseka. Kodi zimenezi n'zogwirizana?

Ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo maampulifaya ambiri ali ndi preset yachiwiri ya DC. Musazisokoneze. Mu ampulifaya ya magetsi a positivi ndi negativi, potulukira payenera kukhala pafupi ndi 0 V, ndipo pansi pa 50 mV n'povomerezeka kwa ambiri. Mamilivoti mazana angapo amaloza ku differential pair yosafanana kapena ku kapasita ya feedback yodontha. Mavoti ambiri oyandikira mzere wa magetsi amatanthauza kuti pali chinthu choduka, chochita shoti, kapena transista yoikidwa mozondoka. Relay, switchi imene imalumikiza yokha masipika ku ampulifaya, imakana kutseka pofuna kuteteza masipika, choncho yezani DC relay isanafike, ndipo musailumphe ndi waya. M'maampulifaya a mzere umodzi wa magetsi, okhala ndi kapasita yaikulu potulukira, volteji ya pakati kapasitayo isanafike iyenera kukhala pafupifupi theka la magetsi, ndipo imeneyo ndiyo imakonzedwa.

Zonse zikuoneka zolondola koma heatsink ikutentha, ndipo bias ikudumpha ndikasuntha mawaya a mita. N'chiyani?

Kayikirani oscillation, pomwe ampulifaya imadzipangira yokha funde la liwiro loposa limene khutu lingamve. Zimachitika kawirikawiri pamene matransista akale ochedwa asinthidwa ndi atsopano aliwiro. Ngakhale 2N3055 yeniyeniyo inasintha: yoyambirira ya RCA inali yopangidwa mwa njira ya hometaxial ndipo inali yochedwa, pamene za pambuyo pake ndi za epitaxial ndipo ndi zaliwiro. Chizindikiro china ndi rezista ya pa Zobel, kawirikawiri ya 10 ohm yotsatana ndi kapasita ya 0.1 µF potulukira, ikatentha kapena kuda. Oscilloscope ndiyo imatsimikiza. Mankhwala ake amayamba ndi kutsimikiza kuti Zobel ili bwino, mawaya a ku matransista ndi aafupi ndipo ali m'njira zake zoyambirira, ndiponso makapasita ang'onoang'ono a pa mizere ya magetsi sanafooke. Zikakanika, marezista a maohm ochepa pa base ya transista iliyonse yaikulu, kapena kukweza pang'ono kapasita ya pakati pa collector ndi base ya transista yokweza volteji, zimathandiza. Nthawi zina njira yachidule ndi kusankha transista ya fT yoyandikira ya yakaleyo.

Ampulifaya yanga ili ndi matransista a germanium. Kodi ndingaike a silikoni?

N'zotheka, koma kumeneko n'kupanganso gawo la bias, osati kungosintha transista. Germanium, monga AD161 ndi AD162 kapena AC127 ndi AC128, imayamba kudutsitsa karenti pa 0.2 V mpaka 0.3 V, kotero volteji ya bias yakale singatsegule silikoni ndipo mawu amasasa kwambiri. Thermistor, rezista yosintha maohm ikatentha, imene inkatsatira kutentha nayonso inasankhidwira germanium. Ngati mukusunga germanium, dziwani kuti kudontha pang'ono kwa karenti ndi chibadwa chake, ndipo sipirira kutentha kwa chowotcherera. Gwirani mwendo ndi pulayala pakati pa thupi ndi malo owotcherera.

Ndingadziwe bwanji kuti tsopano ndingalumikize masipika abwino?

Siyani ampulifaya yoyaka ili chete kwa ola limodzi, mita ili pa rezista ya emitter, ndipo nambala ikhale yokhazikika mbali zonse ziwiri. Kenako lumikizani rezista yaikulu ya 8 ohm yokwanira mawati a ampulifayayo, lowetsani siginolo ya 1 kHz, n'kuiyendetsa pa mphamvu yapakati kwa mphindi zingapo mpaka heatsink itenthe ndithu. Ngati muli ndi oscilloscope, kwezani kamphindi mpaka funde liyambe kudulidwa, ndipo nsonga ya kumtunda ndi ya kumunsi ziyambe kudulidwa pafupifupi nthawi imodzi. Mukachotsa siginolo, yang'anani bias: ikhoza kukhala itasuntha, koma iyenera kubwerera pafupi ndi pamene munaisiya pamene chitsulo chikuzizira. Yezaninso DC potulukira ampulifaya ili yotentha, tsimikizani kuti mafyuzi onse ndi a mlingo wolembedwa pa bodi, ndipo kwa maola oyambirira imbirani pa masipika amene simungadandaule nawo kwambiri ataonongeka.